Mlendo ndi Mbeu Yake: Atsamunda a Fodya ku Virginia ndi pa Chidikha cha Lilongwe

Mau akuti "mtsamunda" lero amatchulidwa ponena Azungu onse amene adalamulira dziko lino lisanalandire ufulu mu 1964. Makolo sankatero ai. Iwo akati mtsamunda ankaloza munthu mmodzi womdziwa nkhope, Mzungu amene sadadzere mpando wa Boma kapena sukulu, koma adadzera nthaka. Ndipo m'kati mwa mauwo muli munda. Ku America munthu wotere amamlemekeza kopambana. Amati ndiye adatsegula thengo, ndiye adagwetsa mtengo woyamba, ndiye tate wa midzi yonse imene idadza pambuyo pake, ndipo ana a sukulu amaloweza dzina lake.

Phunziro lino likufunsa mafunso amene olemekezawo kawirikawiri amalumpha. Kodi mlendoyo adadza ndi chiani m'manja? Nanga adapeza chiani? Nanga khasu adaligwira ndani? Anthu awiri athandiza kuyankha: John Rolfe wa ku Virginia, ndi A. F. Barron wa ku Mbabzi, kuno ku Lilongwe. Pakati pao pali zaka 300 ndi nyanja yaikulu, koma tsamba limodzi lidawamanga pamodzi. Ndipo wokhala ku Area 11, pakati pa mitengo ya mthunzi ndi mipanda ya njerwa, asayese kuti nkhaniyi nja kumudzi kokha, pakuti Lilongwe asanakhale likulu adayamba waleredwa ndi fodya.

MLIMI WA KU VIRGINIA

John Rolfe adabadwa ku Norfolk, m'dziko la England, chaka cha 1585. Mu 1609 adakwera chombo chotchedwa Sea Venture pamodzi ndi mkazi wake, ulendo wa ku Jamestown, kamudzi kamene Angelezi adamanga mu 1607 m'mphepete mwa mtsinje wa James. Namondwe adakankhira chombocho pa matanthwe a zilumba za Bermuda. Anthu adapulumuka, nakhala kumeneko miyezi pafupi khumi akukhoma zombo zina ziwiri zazing'ono. Rolfe adabalira komweko mwana wamkazi, namuika komweko. Mai wa mwanayo nayenso sadakhalitse. Tsono munthu amene adatsika pa Jamestown mwezi wa May 1610 adali wopanda kanthu, ndipo anthu amene adamchingamira adali ngati 60 okha, otsala pa njala yoopsa ya nyengo yachisanu, mafupa okhaokha.

Chifukwa ninji adafa ndi njala m'dziko lachonde? Ambiri mwa iwo adadzera golide, ndipo khasu sankalidziwa. Chakudya ankayembekeza kugula kapena kulanda kwa eni dziko, mitundu ya anthu imene inkamvera mfumu yaikulu Powhatan. Anthu amenewo adali alimi enieni. Ankabzala chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi, monga momwe Mchewa amachitira, ndipo nchito yaikulu ya kumunda idali m'manja mwa amai. Fodyanso adali naye, koma wao adali waukali, wosakomera Azungu. Apa pali chinthu choyamba choti wophunzira asunge: mlimi "woyamba" wa ku Virginia adafika pakati pa minda yolimalima kale, ndipo adapulumuka ndi chimanga cha eni ake.

Chimene Rolfe adadza nacho ndi mbeu. Mu 1612 adayesa kubzala fodya wofatsa wochokera ku maiko a kumwera amene anthu a ku Spain ankalamulira, ndipo adamera bwino. A ku London atamlawa adamkonda. Pofika 1617 Virginia adatumiza fodya wolemera mapaundi 20,000, ndipo anthu adapenga naye kotero kuti ankambzala ngakhale m'miseu ya Jamestown. Bwanamkubwa Thomas Dale adachita kulamula kuti wofuna kulima fodya ayambe wabzala maekala awiri a chimanga, poopa kuti njala ingabwerenso. 

Za ukwati wake anthu amakonda kusimba kopambana za munda wake. Mu April 1614 adakwatira Pocahontas, mwana wa mfumu Powhatan, amene adabatizidwa dzina la Rebecca. Osimba amaiwala kunena kuti mtsikanayo Angelezi adachita kumgwira mu 1613 kuti akhale chikole. Komabe ukwatiwo udadzetsa mtendere wa zaka zingapo, ndipo mu mtendere umenewo fodya adafalikira. Pocahontas adapita ndi mwamuna wake ku England, namwalira ku Gravesend mu 1617, ali pa ulendo wobwerera kwao, nasiya mwana wamwamuna, Thomas.

Koma fodya ali ndi njala ziwiri zosakhuta, ya nthaka ndi ya manja. Munda wa fodya wosathira manyowa umaguga pa zaka zitatu kapena zinai, ndipo mlimi wa ku Virginia sankausamala, ankangosunthira patsogolo nkudula nkhalango ina. Patsogolopo ndipo padali midzi ya eni dziko. Mu 1618 adakhazikitsa lamulo lakuti aliyense wolipirira munthu ulendo wochoka ku England alandire maekala 50 pa munthu mmodzi. Wolipiriridwayo ankagwira nchito kwa mbuye wake zaka zinai kufikira zisanu ndi ziwiri wopanda malipiro. Mu 1619 chombo china chidakocheza pa Point Comfort ndi anthu akuda oposa 20, ogwidwa ku dziko limene lero ndi Angola, ndipo amene adalemba za kufika kwao m'kalata ndi Rolfe yemweyo. Umo ndimo ukapolo wa ku Virginia udayambira, m'munda wa fodya. Eni dziko ataona kuti alendo sakuleka kusuntha, adawathira nkhondo pa 22 March 1622, motsogozedwa ndi Opechancanough, napha anthu 347 tsiku limodzi. Chaka chomwecho Rolfe adamwalira. Nkhondo zotsatira zidatha ndi kugonja kwa eni nthaka.

Zidzukulu za alimi amenewo zidapitirira kusunthira kuzambwe. Kuyambira 1775, pamene Daniel Boone adalambula njira yodzera pa mpata wa Cumberland, mabanja adaoloka mapiri kulowa m'dziko la Kentucky. Nkosayenera kunyoza moyo wao, pakuti udali wowawa ndithu. Bambo ankamanga nyumba ya mitengo yosanjikiza ya chipinda chimodzi, mipata yake namata ndi dothi. Mitengo ikuluikulu sankaigwetsa chaka choyamba, ankangoisenda khungwa mozungulira kuti iume, nabzala chimanga pakati pa zitsa. Mai ankaomba nsalu, kupanga sopo ndi phulusa ndi mafuta a nkhumba, kubereka popanda mzamba, ndi kuika ana ambiri m'manda a kuseri kwa nyumba. Ambiri adali osauka, ndipo ena adafa alibe ndi ekala yomwe yaoyao. Ku madera a kuzambwe a Kentucky ndi Tennessee adazolowera kuumika fodya ndi utsi wa nkhuni zonyeka pang'onopang'ono, tsamba nkusanduka lakuda, lochindikala, lonunkhira utsi. Ameneyo ndiye fodya amene kuno amatchedwa chikopa.

Njira imene adadzera nayonso njofunika kuidziwa. Mu 1901 makampani a fodya a ku Britain, poopa James B. Duke wa American Tobacco Company amene ankafuna kuwameza, adaphatikana nkukhala Imperial Tobacco Company. Kampaniyo sidafune kudalira tsamba la ku America lokha, ndipo mu 1908 idatsegula fakitale ku Limbe. Fodya wogulitsa kunja adali atayamba kale ku Shire Highlands, kumene John Buchanan ndi anzake adamuyesa, ndipo woyamba adatumizidwa mu 1893. Pambuyo pa nkhondo yaikulu yoyamba, mu 1919, Boma la Britain lidachepetsa msonkho wa fodya wochokera m'maiko ake ndi gawo limodzi mwa magawo 6, ndipo mu 1925 lidauchepetsa ndi gawo limodzi mwa magawo 4. Chikopa cha ku Nyasaland tsopano chidatha kupikisana ndi cha ku Kentucky. Kudangotsala munthu woona kumene kuli nthaka ndi manja.

CHIDIKHA CHISANAMVE FUNGO LA CHIKOPA

Munthu woima pa phiri la Nkhoma kapena la Bunda nkuyang'ana chidikha cha Lilongwe amaona nthaka yofiira ya katondo yoyalana kutali, yodukizidwa ndi madambo. Mu 1920 nthaka imeneyo sidali thengo. Idali ya Achewa, amene adakhalapo zaka mazanamazana, ndipo midzi yao ina idali ikadali ndi zizindikiro za malinga a nthawi ya nkhondo za Angoni ndi za ogula akapolo. Ankalima chimanga, mapira, nzama, mtedza, ndi fodya wao wa labu wa kuseri kwa nyumba. Boma lidakhazikika pa mtsinje wa Lilongwe kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndipo Azibambo Oyera, atayesa ku Chiwamba mu 1902, adasamukira ku Likuni mu 1903. Bomalo lidali kamudzi chabe: nyumba ya Bwana, ndende, ndi timasitolo ta Amwenye tsidya lina la mtsinje.

Bvuto la anthu lidali limodzi, msonkho. Boma linkafuna ndalama, ndipo pa chidikhapo padalibe chogulitsa chimene chikadalipira ulendo wa mailosi ngati 200 wopita ku njanji. Chimanga chinkaola m'nkhokwe, msonkho uli chilili. Motero amuna ankayenda pansi kunka ku minda ya Azungu a ku Blantyre ndi ku Zomba, ena ku Salisbury, ena ku migodi ya ku Johannesburg, ndipo ena mwa iwo adasanduka machona. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 idatenga amuna ambiri kukasenza mtengatenga, ndipo otsala adakumana ndi mliri wa chimfine wa 1918 ndi 1919. Mudzi umene Barron adaupeza udali wotopa, wochuluka akazi, wofunitsitsa njira yopezera ndalama popanda kusiya khomo.

Pa za nthaka padali kusiyana ndi kumwera. Kumeneko Harry Johnston, kuyambira 1892, adapereka kwa Azungu zikalata zowatsimikizira malo akuluakulu, ndipo anthu okhala pamalopo adagwa m'thangata. M'chigawo cha pakati malo ambiri sadagulitsidwe, koma Boma lidangowatcha kuti nga Mfumu ya ku England, ndipo linkabwereketsa kwa amene lafuna. Nyakwawa ndi eni mbumba ankadziwa malire a munda uliwonse, chulu ndi chulu, mtengo ndi mtengo; koma m'mabuku a ku Zomba nthakayo idalembedwa ngati yopanda mwini.

BARRON WA KU MBABZI

Mu 1920 alimi awiri a m'boma la Zomba, A. F. Barron ndi R. W. J. Wallace, adakwera kudza ku Lilongwe nabwereka malo ku Mbabzi, kuzambwe kwa boma. Nkoyenera kuwapatsa ulemu wao. Anzao a kumwera ankayesa kuno nkuthengo kosapindulitsa. Miseu idali njira za miyendo, mitsinje yopanda milatho, ndipo nyengo ya dzinja galimoto linkatha kukhala m'matope masiku. Adaika ndalama zao pachiswe, adalambulitsa miseu, adaphunzira nthaka ndi nyengo, ndipo Barron adakhazikika ndithu, osati monga wodzakolola nkuthawa.

Koma nzeru imene idamtchukitsa sidali ya khasu. Iye adaona msanga kuti kulemba anthu aganyu ndi kuwalipira pamwezi nkodula ndiponso nkosadalirika, pakuti nthawi imene esiteti ikufuna manja ndi yomweyo imene munthu akufuna kupalira chimanga chake. Tsono adatembenuza nkhani. M'malo moitana anthu kudza ku munda wake, adatumiza fodya ku minda ya anthu. Ankafesa nazale zazikulu, nagawa mbande m'midzi, natuma akapitao kukaphunzitsa kuokera, kuthena ndi kufukiza. Ndipo pangano lidali lakuti tsamba likauma lidzagulitsidwe kwa iye, pa mtengo umene iye adzanene. Ena adawakhazika pa malo ake omwe, nawapatsa ndime, makasu ndi chakudya cha ngongole, zodzadula pa tsiku logulitsa. Amenewo ndiwo matenanti, ndipo pambuyo pake ambiri a iwo ankachokera kutali, kudzakhala nyengo imodzi nkubwerera kwao.

Taonani kuchenjera kwake kwa njirayi. Mvula ikakana, wotaya ndi mlimi. Matalala akang'amba tsamba, wotaya ndi mlimi. Chigafa chikapsa usiku, pakuti chikopa chimaumikidwa ndi moto pansi pa denga la udzu, wotaya ndi mlimi yemweyo. Mwini mbande amangogula tsamba limene lapulumuka. Ku America njira yofanana nayo idafala pambuyo pa 1865, akapolo atamasulidwa opanda nthaka, nayamba kulima minda ya ambuye ao akale mogawana zokolola. Ndipo nkhani ina yaing'ono ikuonetsa umo mbiri imakonderera: fodya wa bale, amene adadzakhala mfumu ya fodya yense m'Malawi, adapezeka mu 1864 ku Ohio ndi alimi awiri, George Webb ndi Joseph Fore, amene ankalima pa malo a munthu wina. Adali matenanti.

Komabe anthu a ku Lilongwe sadachite kukokedwa. Adathamangira okha. Pa zaka zowerengeka olima chikopa adachoka pa mazana kufika pa zikwi zambirimbiri, ku Lilongwe ndi ku Dowa komwe. Akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo aka kadametadi. Mwamuna adatha kukhoma msonkho ali pakhomo pake. Njinga zidayamba kuoneka m'njira, ndi nsalu, mabulangete, mbale zachitsulo, makina osokera. Wonena kuti Barron sadabweretse chabwino chilichonse akunama, ndipo agogo amene adagula njinga yoyamba m'mudzi akadamtsutsa.

Nanga khasu adaligwira ndani? Chikopa ndi mbeu yosapatsa tulo. Nazale imafesedwa kudambo mvula isanagwe, ndipo imathiriridwa m'mawa ndi madzulo ndi madzi osenza pamutu. Mvula ikagwa mbande ziokeredwe tsiku lomwelo. Kenaka kupalira, kubandira, kupha mbozi ndi zala, kuthena nsonga kuti masamba otsala anenepe, ndi kubudula mphukira zimene zimatulukanso mlungu ndi mlungu. Likakhwima tsamba lithyoledwe, lisokedwe, lipachikidwe m'chigafa. Moto usonkhedwe wofuka utsi osati wa malawi, ndipo munthu augonere pafupi masiku ambiri. Potsiriza kusankha, kumanga mindindi, ndi kusenza mtolo kunka ku msika. M'kaundula munkalembedwa dzina limodzi, la bambo. Koma wotunga madzi a nazale adali mai, wosoka adali mai ndi ana, wotola nkhuni adali mai, ndipo chimanga cha banja, chimene bambo adachitembenukira msana, chidatsalira mai yemweyo.

Apa padabuka mlandu umene ankhoswe a ku Lilongwe adauweruza kosawerengeka. Mwa mwambo wa Achewa munda ngwa mbumba, ndipo mwamuna ndi mkamwini, wodzalima pa nthaka ya kuchikazi. Chimanga chikalowa m'nkhokwe palibe mkangano, onse amadya. Koma fodya salowa m'nkhokwe, amasanduka ndalama, ndipo ndalamazo sikelo inkazipereka m'dzanja la mwamuna, kutali ndi maso a mkazi ndi a malume. Kodi nza yani, za mwini nthaka kapena za mwini dzina la m'kaundula? Amuna ena adagula nsalu ya akazi ao ndi ya apongozi; ena adafika kunyumba ndi fungo la mowa ndi nkhani yakuti mtengo udagwa; ena adayamba kuumirira chitengwa kuti akalime kwao, kumene palibe mlamu wowerenga mindindi. Palibe Mzungu adakhala pansi kuti asokoneze chikamwini. Kaundula ndi sikelo zidachita zokha.

Ndi nkhalango idalipira. Chigafa chimafuna mitengo ndi udzu, moto umafuna nkhuni chaka ndi chaka, ndipo munda ukaguga pafunika mphanje. Mitengo ya mombo, ya mtondo ndi ya muwanga idayamba kutalikira midzi. Mlimi wa ku Virginia adali ndi kuzambwe kosunthirako, ngakhale kudali kwa eni ake. Mlimi wa pa chidikha, ana atachuluka, adapeza kuti kutsogolo kwake kuli munda wa mnansi.

BODI

Uchi ukapezeka, ntchentche sizichedwa. Ogula ena, akuluakulu ndi ang'onoang'ono, pakati pao I. Conforzi wa ku Thyolo, adafika pa chidikha, ndipo ena ankangoimika sikelo pa mphambano nkugula tsamba limene mbande zake adagawa Barron. Kwa mlimi imeneyo idali nyengo yokoma, pakuti ogula akapikisana mtengo umakwera. Kwa Barron idali kuba. Iye ndi anzake adadandaula ku Zomba kuti ogula osasamalawa aononga mbiri ya fodya wa Nyasaland pogula ndi zinyalala zomwe, ndipo m'dandaulolo mudali zoona. Mu 1926 Boma lidakhazikitsa Native Tobacco Board, imene anthu ankangoti Bodi. Wolima aliyense alembetse, wogula aliyense akhale ndi chilolezo, fodya agulitsidwe pa misika yokhayo imene Bodi yaloleza, ndipo ndalama zoyendetsera zonsezi zidulidwe pa fodya yemweyo. Barron adakhala mmodzi wa akuluakulu a Bodiyo. Dzina lake linkanena za eni dziko, koma pachiyambi padalibe mwini dziko ndi mmodzi yemwe pa mipando yake.

Nkhaniyi isaweruzidwe mothamanga. Alangizi a Bodi adaphunzitsa zinthu zoona, ndipo chikopa cha ku Lilongwe chidatchuka chifukwa cha iwo. Koma munthu amene ali ndi matenanti ake, nakhalanso pa mpando wolamula kuti alimi a m'midzi alime maekala angati, agulitse kuti, ndi kwa yani, ali ngati fisi woikidwa kuweruza mlandu wa mbuzi. Angakhale fisi wofatsa, mbuzi sizingagone. Malonda a dziko lonse atagwa kuyambira 1929, Bodi idachepetsa misika, idachepetsa olembetsa, ndipo alangizi ankazula fodya wopitirira muyeso. Munthu ankasenza mtolo ulendo wa tsiku lathunthu kapena masiku awiri, nkukamva pa sikelo kuti tsamba lake ndi lachabe, abwerere nalo kapena alitaye. Pamenepo mwambi wakale udapeza tanthauzo latsopano, wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Mu 1937 mitengo idagwa koopsa, ndipo alimi a chigawo cha pakati adakwiya poyera pa misika, ambiri nkuleka kulima. Alimi a chikopa a ku Kentucky ndi Tennessee adachitapo zotere kuyambira 1904, pamene adapangana kuti asagulitse kwa kampani ya Duke, mpaka ena adafika potentha nyumba zosungiramo fodya usiku. Tsamba limodzi, dandaulo limodzi: olima ngambiri, wogula ndi mmodzi. Kuno yankho la Boma lidali kutsegula okushoni ku Limbe mu 1938, ndi kupatsa Bodi mphamvu yogula yokha fodya wa m'midzi nkukamgulitsa kumeneko. Kusiyana kwa mtengo wa kumudzi ndi wa ku okushoni kunkatsala m'thumba la Bodi. Bodiyo idasintha maina kangapo, kukhala Farmers Marketing Board mu 1962 ndi ADMARC mu 1971, koma thumba lija silidasokedwe pakamwa. Ufulu utabwera, maesiteti ambiri adalowa m'manja mwa Amalawi, ndipo fodya wa bale, wopindulitsa koposa, adaletsedwa kwa mlimi wa kumudzi kufikira 1990. Utenanti sudachoke ndi Azungu, udakula.

MZINDA

Ndalama za chikopa ndizo zidasandutsa kaboma kaja kukhala tauni. Masitolo a Amwenye adachuluka kubvuma kwa mtsinje, kumene lero ndi Area 2. Nyumba za Azungu zidayalana kuzambwe, cha ku Area 3. Malole adayamba kupita ku Salima njanji itafika kumeneko mu 1935, ndipo mu 1947 Lilongwe adalandira dzina la tauni. Pamene Boma la Dr. Banda lidasankha malo a likulu latsopano, chimodzi mwa zifukwa chidali chakuti ali pakati pa dziko la alimi. Bungwe la Capital City Development Corporation lidakhazikitsidwa mu 1968, ndalama zoyambira zidabwerekedwa ku South Africa, ndipo mu 1975 likulu lidasamuka ku Zomba. Okushoni ya ku Kanengo idatsegulidwa mu 1979, chaka chomwe njanji idafika mu mzinda.

Olemba mapu adagawa malo a kumpoto kwa tauni yakale m'zigawo za manambala, naika maofesi ku City Centre ndi ku Capital Hill, ndi nyumba za mabwalo akuluakulu ku Area 10, Area 11 ndi Area 12. Iwonso ankalankhula ngati akumanga pathengo. Koma pa malo a likuluwo padali midzi, minda ndi manda, ndipo eni ake adasamutsidwa kuti miseu idutse. Amene adalowa m'nyumba zatsopanozo mu zaka za m'ma 1970 ankadzitcha oyamba, ndipo ambiri a iwo adali ana a alimi a fodya, ophunzira ndi fizi ya mindindi.

Pa 1 November 2019 Boma la United States lidalamula kuti fodya wa ku Malawi aziimitsidwa pa madoko ake, ponena kuti pa kalimidwe kake pali nchito yokakamiza ndi nchito ya ana. Makampani ena adadzamasulidwa pambuyo pake atasonyeza umo amaguliramo. Dziko loimitsalo ndi lomwe lija la Point Comfort. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo, imene ili kamtunda pang'ono kuchokera ku Area 11, idasintha lamulo la nchito nkuletsa utenanti m'dziko lonse, patapita zaka 101 chifikire Barron ku Mbabzi. Lamulolo likufuna kuti wolima pa esiteti akhale wanchito wolandira malipiro ake, osati wodikira tsiku la sikelo kuti amve ngati ngongole ya chimanga chimene adadya ndi ana ake yamsiyirako kanthu.